Ndayamba Kuthamanga pa Makina ku Luchenza

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Ferista. Kuno tilipo. Ndakhala pakhonde panu, pamene munkakhala posankha nyemba, chifukwa kwathu bambo a Tamala atsegula wailesi ndipo ine sinditha kulemba pali phokoso. Kwacha ndi chiperoni, moti tiyi wa kutsidya sakuoneka. Nyumba yanu sitinaigwetse. Achimwene a Dayisoni anati tiisiye kaye, ndiye ndimabwera kudzasesa ndi kutsegula mawindo.

Chimanga sichinachite bwino. Mvula inadula chili pa ngaiyaye, ndipo m'munda mwanu mwa kudambo tinangokolola zotola. Nandolo ndiye wabereka, nthambi mpaka kugwa pansi. Mtengo wa mapeyala uja unagwetsa nthambi pa denga la khitchini, koma palibe anavulala. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi anafa. Ndikukuuzani zonsezi kuti mudziwe basi.

Eneleti, mng'ono wanga, anachira. Mwana wamkazi. Anamupatsa dzina lanu, koma palibe amene akutha kuliitana, tonse tikungomuti Anganga. Atandipatsa kuti ndimunyamule ndinamunyamula. Anali wofunda, wolemera pang'ono. Anthu anali kundiyang'ana kudikira kuti ndinene kanthu, ndiye ndinati mwana wabwino. Ndi wabwinodi. Koma m'kati mwanga munalibe kanthu, Amayi. Chichokereni inu ndili choncho. Pamaliro panu sindinalire, anthu nkumati Ferista ndi wolimba mtima. Si kulimba. Zili ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, umaugwira koma sukumva kuti ndi wako. Chimene chatsala ndi nkhawa zokha. Zimenezo ndiye sizinafe. Paja munkanena kuti, "Iwe Ferista umayamba kudwala matenda asanafike." Ndikadali yemweyo.

Tsopano nkhani yaikulu. Tamala, mdzukulu wanu, ali ndi pakati. Ndi poyamba. Akuti achira mvula ikamayamba. Inu mukanakhalapo bwenzi mukuvina. Ine atandiuza ndinayamba kuganiza za mseu wa kuchipatala umene umaterera nthawi ya mvula, ndi za amene adzamudikirire, ndi za amene adzasambitse mwana masiku oyamba. Ana athu tonse munasambitsa ndinu. Tsopano wamkulu mwa akazi ndine. Kumbuyo kwanga kulibe wina.

Ndiye kuchipatala anandipeza ndi bipi, yomwe ija inakugwetsani inu. Ndinapita chifukwa cha mutu. Anesi anandimanga chija choyezera bipi pamkono, nkuona, nkumasula, nkumanganso. Anafunsa ngati kwathu alipo amene anachitapo sitiroko. Ndinati amayi anga, kawiri. Anandipatsa mapilitsi, anati ndichepetse mchere, ndipo anati thupi langa lalemera. Ndi zoona. Miyezi ija ndinkakudwazikani ndinkangokhala pamphasa, ndipo ku esiteti anandichotsa kothyola nkundiika ku nazale, kumene timatandala titakhala pansi kuthira dothi m'machubu. Anesiwo anati ndiziyenda mwandawala mpaka thukuta lituluke, ndipo thupi likazolowera ndizithamangako pang'ono. Anati ndikapanda kutero njira yake ndikuidziwa kale.

Ndinamvera. Tsiku lina m'mawa ndinamanga chitenje, ndinatsika mseu wa pakati pa tiyi uja wopita ku siteji, ndipo nditaona kuti palibe munthu ndinayamba kuthamanga. Sindinaganize, Amayi. Inu simukudziwa, chifukwa munali mutagona pansi, koma tsiku limene munagwa kachiwiri ndinathamanga mseu womwewo kukafuna galimoto. Anthu onse othyola tiyi anandiona. Pobwerera ndi galimotoyo ndinapeza akutsekani kale maso. Kuno munthu wamkulu ngati ine sathamanga popanda chifukwa, ndipo ine anandionapo ndikuthamanga kamodzi kokha.

Pokhota paja ndinakumana ndi azimayi akupita kothyola, madengu kumsana. Wina anakuwa kuti, "Mayo, a Ferista, kwagwanjinso?" Ndinafuna kuyankha koma mpweya unali utandithera, ndinangokweza dzanja. Iwo anaona ngati ndikulozera kumudzi. Awiri anatula madengu nkuthamangira kwathu, wina anayamba kulira pomwepo. Mmene ndimabwerera ndinapeza anthu pabwalo. Bambo a Tamala anali ataima pakhomo ndi mswachi m'kamwa, anthu akuwayang'ana ngati mzukwa, chifukwa uthenga unafika woti amene watisiya ndi iwowo. Ena anamva kuti ndi Tamala. Tamalayo anamva kuti ndi bambo ake, anabwera kuchokera kubanja kwake akuthamanga atagwira mimba, nkugwa pa mzere wa chinangwa. Sanavulale. Koma ndinamuona atakhala pansi, maondo ali dothi lokhalokha, ndipo ndinadziwa kuti pamsewu sindidzathamanganso. Kapitawo wa othyola tiyi anatumiza mawu akuti ndamubalalitsira anthu. Achimwene a Dayisoni anati, "Mlongo, tsiku lina mukafuna kuthamanga muziyamba mwalengeza ku tchalitchi." Anthu anaseka.

Nkhaniyi ndinaifotokozera mayi wina pamzere wa bipi kuchipatala. Dzina lake ndi Abiti Sanudi, wa ku Luchenza, Msilamu, wamfupi, wa mawu aakulu. Iye ali ndi shuga. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Kenako anati, "Achemwali, bwerani kwathu muzidzathamanga popanda wokulirani maliro." Amuna awo anakhalako ku Joni, ndipo pobwera anabweretsa makina akale olimbitsira thupi nkuwaika m'chipinda cha kuseri kwa sitolo yawo ya sipeya za njinga. Madzulo mumadzaza anyamata onyamula zitsulo. Koma masana Abiti amatseka katani, ndipo mumalowa azimayi okhaokha.

Sindikudziwa ngati mundimvetse, chifukwa chinthu chimenechi simunachionepo. Ndi makina othamangirapo. Kutalika kwake ngati bedi laling'ono. Pansi pali lamba wakuda, wofanana ndi uja wa ku fakitale amene amanyamula masamba a tiyi. Kutsogolo kuli zogwirira ngati mahandulo a njinga, ndi kagalasi koonetsa manambala ofiira. Ukadina batani lambayo amayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo, ndiye iwe uyenera kuyenda chamtsogolo kuti asakutaye. Umayenda, umayenda, koma uli pomwepo. Mukanaona mukanati, "Nanga ulendo wake ndi wa kuti?"

Tsiku loyamba ndinapita nditavala chitenje ndi patapata. Abiti anakana. Anati, "Chitenje ayi. Lamba uyu achikoka pamodzi ndi mwini wake, ndiye maliro aja achitikadi." Ndinabwerera osakwera. Tsiku linalo ndinatenga buluku lakale la bambo a Tamala, ndinalivala m'kati mwa chitenje, nkukavula chitenjecho nditalowa kuseri kwa katani. Nsapato ndinagula za pakaunjika, zachimuna, zokula pang'ono. Ndikudziwa zimene munkanena za akazi ovala mabuluku. Ndikhululukireni. Palibe mwamuna amene amandiona.

Abiti anandiphunzitsa ngati mwana. Anati usaime pa lamba poyamba, ima m'mbali, phazi uku phazi uku, lambayo ayambe yekha pang'onopang'ono, kenako ukwere. Pali kachingwe kamene amakapanira pa bulauzi. Ukaterereka kachingweko kamazuka ndipo makina amaima okha. Ine ndinafunsa kuti nanga kakapanda kuzuka. Anakazula pamaso panga, makina anaima. Ndinafunsa kuti nanga tsiku limenelo kakadzakana. Anati, "Inu achemwali, mumagona usiku koma?" Ndinakwera.

Ndinagwira zogwirira zija mpaka zala kuuma. Maso anali pa mapazi. Abiti ankangoti yang'anani kutsogolo, mukayang'ana pansi mugwa, yang'anani pawindo. Pawindopo pamaoneka denga la maminibasi ndi katundu womangidwa pamwamba, basi. Makina anali pa liwiro la nkhalamba yopita ku tchalitchi, koma ine thukuta linali kamukamu. Atazimitsa ndinatsika, ndipo pansi panayamba kuyenda. Simenti yeniyeni, Amayi, kuyenda pansi pa mapazi anga. Ndinati basi chayamba, chizungulire chija munanena inu m'mawa wa tsiku munagwa koyamba lija. Ndinakhala pansi nkugwira mutu. Abiti anati zimachitikira aliyense akangotsika, miyendo imakhala isanamve kuti lamba waima. Anandipatsa madzi. Patapita kanthawi pansi panaimadi.

Ndinapitiriza kupita ndikaweruka ku nazale, tsiku lina kupita tsiku lina kupuma, chifukwa Abiti anati thupi limafuna kupuma pakati. Ndinkangoyenda. Poyamba pang'onopang'ono kuti thupi lifunde, kenako mwandawala, pomaliza pang'onopang'ononso. Akatumba ankawawa, makamaka pokhala pansi ndi podzuka. Tsiku lina magetsi anazima ndili pakati, lamba anaima mwadzidzidzi, ndinakagunda chifuwa pa manambala paja. Tinakhala mumdima ndi azimayi ena awiri kudikira magetsi, iwo akukamba za mtengo wa tomato. Magetsiwo sanabwere. Ndinavala chitenje nkubwerera kunyumba. Kunyumba bambo a Tamala amandifunsa kuti, "Lero mwafika pati, pa Limbe?" Ndimati pomwepo.

Kenako linafika tsiku limene Abiti anati kuyenda kwakwana, tiyeseko kuthamanga pang'ono, kanthawi kochepa, kenako tibwerere koyenda. Anadina batani. Lamba anafulumira, miyendo inayamba yokha kuthamanga. Poyamba sizinavute. Kenako mtima unayamba kugunda. Unagunda pakhosi, m'makutu, m'maso. Ndinaudziwa mtima umenewo. Ndi womwe uja wa pamsewu tsiku lija ndinkathamangira galimoto. Ndinazula kachingwe ndi dzanja langa. M'chipindamo muli galasi lalikulu la anyamata aja, ndiye ndinapita pomwepo kukayang'ana pakamwa panga ngati papotoka, monga panachitira panu. Ndinamwetulira dala kuti ndione ngati mbali zonse zikukwera. Ndinakweza manja onse awiri. Ndinatchula dzina langa. Zonse zinali bwino, koma sindinakhulupirire. Ndinavala chitenje osatsanzika.

Ndinasiya kupita. Ndinkaganiza kuti anesi akuti ndikakhala pansi ndigwa, koma ndikathamanganso mtima ukuchita chonchi, ndiye bola kugwa nditakhala pakhomo panga kusiyana ndi kugwa ku Luchenza nditavala buluku la mwamuna, anthu nkudzandinyamula choncho. Ndinkangopita ku nazale, kubwera, kuphika, kugona. Sindinali wachisoni. Ndinkangodikira. Ndinayamba ngakhale kuuza Eneleti kumene ndimasunga zinthu. Iye anati ndisiye zolaula.

Tamala ndi amene anabwera. Anandipeza ndikusenda nandolo, anakhala pansi movutikira, mimba yakula tsopano. Anaona nsapato zija zili pawindo, fumbi lili mbuu. Tinasenda nandolo. Kenako anati ku sikelo awauza kuti aliyense wa mimba yoyamba akadikirire kuchipatala masiku akayandikira, ndipo abwere ndi munthu wamkulu womudikirira. Anati apongozi ake adzipereka. Ndinati ndi bwino, apongozi ako ndi munthu wamphamvu. Anati, "Ine ndawauza kuti ndili ndi amayi anga." Ndinati nanga ndikadzakhala kuti sindili bwino. Anandiyang'ana nkunena kuti, "Ndiye mukhale bwino." Anadzuka, anatenga nsapato zija, anazikuntha pa chipupa, nkuziika pafupi ndi mapazi anga. Nkhope yake ikakwiya imafanana ndi yanu.

Ndinapita kaye kuchipatala kukafunsa. Ndinawafotokozera anesi za mtima uja. Anati mtima wa munthu wothamanga uyenera kugunda, ntchito yake ndi imeneyo, ndipo ukamazolowera umalimba. Anati choopsa ndi kupweteka kwa pachifuwa, chizungulire chenicheni, kapena kubanika mpaka kulephera kulankhula, ndipo ndikamva zimenezo ndiime nkubwera msanga. Anati ndisadumphitse mapilitsi. Ndinafunsa mafunso ambiri mpaka amene anali kumbuyo kwanga anayamba kudandaula.

Nditabwerera ku Luchenza Abiti sanandikalipire. Anangoti, "Mlomwe anathawa uja wabwera." Ndinamuuza zimene anesi ananena. Anati ndiye zosavuta, muzithamanga mukulankhula. Mukamatha kulankhula ndiye kuti muli bwino, mawu akayamba kuduka tichepetsa. Ndinati ndilankhula chiyani. Anati chilichonse, ine ndizifunsa.

Tinayamba ndi kuyenda. Kenako anafulumizitsa. Mtima unayamba zake zija. Abiti anaima pambali panga, dzanja lake pafupi ndi batani, nkumafunsa. Dzulo munadyera chiyani. Ndinati nandolo. Mbuzi muli nazo zingati. Ndinayankha. Anachepetsa, ndinayenda, anafulumizitsanso. Kenako anati, "Tandiuzani, kalongonda wanu uja, nyemba yoledzeretsa ija, Alomwe mumamuphika bwanji kuti asakupheni? Ife timamuopa." Ndinati amafuna munthu wodekha. Umamuwiritsa, nkutaya madzi, nkumusenda, nkumuwiritsanso, tsiku lonse, nkhuni mtolo wathunthu. Anati anakuphunzitsani ndani. Ndinati amayi anga.

Amayi, chichokereni inu ndinali ndisanakambepo za inu ndi munthu. Anthu akakutchulani ndinkangoti eya, nkusintha nkhani. Koma pamenepo sindikanatha kukhala chete, chifukwa ndikangoti zii Abiti akanaganiza kuti ndabanika. Ndiye ndinalankhula. Ndinamuuza kuti munkatiletsa kulawa madzi oyamba asanatayidwe, ndipo Dayisoni ali mwana anaba nkudya, anatandala akuyenda ngati woledzera, inu mukumutukwana m'Chilomwe kwinaku mukumumwetsa madzi. Ndinamuuza kuti munkalawa ndinu poyamba, nkukhala kanthawi, kenako nkutiitana. Ndinamuuza kuti ine ndinkakhala pambali panu kukuyang'anani ngati mugwe, ndipo inu munkati, "Chotsa maso akowo, sindikufa lero. Katenge mbale." Mawu ankatuluka modukaduka koma ankatuluka. Abiti ankaseka nkhani ya Dayisoni. Kenako anati, "Achemwali, taonani manja anu." Ndinayang'ana. Sindinali nditagwira zogwirira. Sindikudziwa kuti ndinazisiya nthawi yanji. Manja ankangoyenda okha m'mbali, ngati a munthu amene akupita kwinakwake.

Sindinalire, ndisakunamizeni. Ndinatsika, pansi panayenda pang'ono, ndinadikira kuti paime. Ndinakhala pa benchi kumvetsera mtima. Unagunda, unagunda, kenako unayamba kubwerera wokha pang'onopang'ono mpaka unakhala phee. Ndinali ndisanadziwe kuti umabwerera. Tsiku lija la galimoto sindinaumve ukubwerera, chifukwa panali zambiri.

Tsopano ndikupitabe. Sindithamanga kwambiri. Ndimayenda, nkuthamanga pang'ono, nkuyendanso. Azimayi ena amandiposa, ndipo pali wina wamkulu kuposa ine amene amathamanga akutafuna chingamu. Ine ndimapanirabe kachingwe kaja, ndipo ndimakayesa kaye ndisanakwere. Abiti akuti mafunso amuthera, ndiye masiku ano ndimangoyamba ndekha. Akudziwa kale za mphuno yanu, za nyimbo imene munkaimba molakwitsa ku mvano, ndi za mmene munakanira kukwera njinga yamoto mpaka tsiku lomaliza. Akuti akanakonda kukuonani. Ulendo wathawu kuchipatala anati bipi yatsikako. Osati kwambiri. Anati ndipitirize.

M'kati muja mukadali chimodzimodzi, mwina pang'ono pokha. Nkhawa ziliponso. Ndikuopa mseu wa mvula, ndikuopa magetsi, ndikuopa kuti sindidziwa kugwira mwana wakhanda m'madzi monga munkachitira inu, dzanja limodzi kukhosi. Ndayamba kuyeserera pa mwana wa Eneleti. Amalira, koma sindinamugwetse.

Pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuzengereza kukuuzani, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti ndikubwera kumeneko posachedwa, ndipo sizinkandiopsa kwenikweni. Ndinkati ndikakupezani. Koma Tamala wanena kuti ali ndi amayi ake. Ndiye musandidikire, Amayi. Ngati mwandisungira malo pafupi nanu, ikanipo kaye katundu wina. Ndikulonjeza kuti Lolemba ndikakweranso pa lamba uja, ndipo mvula ikadzayamba ndidzakhala pakhomo la chipatala ndi beseni ndi zitenje. Kwa inu ndidzabwera ndithu, koma mochedwa, ndipo ndidzabwera choyenda.

Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu woyamba,
Ferista